Mukufuna kupita ku Maldives? Yambani ndi boti, tikiti ya ndege ibwere pambuyo

Chibwerereni ku Maldives ulendo wachiwiri, funso lomwe anthu akhala akundifunsa ndi limodzimodzi: "Ndaona chipinda cha pamwamba pa madzi chotsika mtengo pa intaneti, ndilipire?" Ndayankha funsoli pafoni, pamaso komanso pa mauthenga mpaka ndaona kuti kuli bwino ndilembe kamodzi zonse zimene ndimanena. Yankho lalifupi ndi lakuti dikirani kaye. Mtengo wa chipinda umene mwauonawo ndi chiyambi chabe cha masamu, ndipo chimene chimaononga maulendo a anthu ambiri ndi kaulendo kakafupi kochoka pabwalo la ndege kukafika pachilumba chimene mwasankha. Tsatirani ndondomekoyi mmene ndaisanjira, musalumphe.

1. Mvetsetsani kaye mmene dzikoli lakhalira

Maldives ndi tizilumba pafupifupi 1,200 m'nyanja ya Indian, kummwera chakumadzulo kwa India ndi Sri Lanka. Tizilumbati tinakhala m'magulu ozungulira ngati mphete, magulu 26, ndipo gulu lililonse amalitcha atoll, mawu ochokera m'chinenero cha komweko cha Dhivehi. Kuchokera kumpoto kufika kummwera dzikoli ndi lalitali makilomita oposa 800, choncho mahotelo awiri akhoza kukhala onse "ku Maldives" koma ali kutalikirana ulendo wa pandege.

Chachiwiri choti mudziwe ndi ichi: pafupifupi hotelo yapamwamba iliyonse ili pachilumba chakechake. Ndi mmene zinayambira mu 1972 pamene hotelo yoyamba, Kurumba, inatsegulidwa, ndipo ndi mmene zilili mpaka pano. Pachilumbapo palibe mudzi, palibe golosale, palibe lesitilanti ya munthu wina yoti muthawireko mukaona kuti chakudya chadula. Chilichonse chimene mudzadye, kumwa kapena kukwera, mudzagula kwa mwini hoteloyo pamtengo wake. Bata limene mukulifunalo limabwera ndi zimenezi. Walira mvula walira matope.

Palinso zilumba zokhala anthu, monga Maafushi, komwe kuyambira mu 2009 boma linalola nyumba zogona alendo. Kumeneko n'kotsika mtengo kwambiri, koma ndi ulendo wamtundu wina, ndipo ndikambako pang'ono kumapeto.

2. Sankhani nyengo

Eni ake amagawa chaka pawiri potengera mphepo. Iruvai ndi mphepo yochokera kumpoto chakummawa, imene imaomba kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo: kumwamba kumayera, nyanja imadekha, ndipo mitengo imakwera. Hulhangu ndi mphepo ya kummwera chakumadzulo, kuyambira Meyi mpaka cha mu Novembala: kumagwa mvula, nyanja imawinduka masiku ena, ndipo mahotelo amatsitsa mitengo. Mvula yake nthawi zambiri imabwera ndi kupita, koma ikhozanso kukakamira masiku atatu otsatizana. Ngati masiku anu onse ndi anayi, ganizirani bwino.

Amene akufuna kuona nsomba zikuluzikulu zophwatalala zotchedwa manta ray asaope nyengo ya mvula, chifukwa ku Hanifaru Bay, m'dera la Baa Atoll limene bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo otetezedwa mu 2011, zimasonkhana m'miyezi imeneyi. Masabata a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ndi odula kuposa ena onse, ndipo mahotelo ambiri amawonjezera chakudya chamadzulo cha chikondwerero chimene mumalipira kaya mwadya kaya simunadye.

3. Funsani za kaulendo kofikira pachilumba musanagule tikiti iliyonse

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ambiri olemba za maulendo amangopadutsa ndi mzere umodzi.

Ndege zambiri zochokera kunja zimatera pabwalo la Velana, pachilumba cha Hulhulé, pafupi ndi likulu la dzikoli, Malé. Mukatuluka pabwalopo simungoimitsa takisi n'kunena dzina la hotelo. Hotelo yanu ndiyo imakonza zokutengani, ndipo nthawi zambiri simungakonze nokha. Njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi boti la injini lothamanga. Ili ndi la zilumba zapafupi, za m'dera la North Malé ndi South Malé, ulendo wa mphindi 15 mpaka ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Boti limayenda ngakhale usiku, ndipo ndilo lotsika mtengo pa njira zitatuzi.

Yachiwiri ndi ndege yotera pamadzi. Ndi tindege ta injini ziwiri ta mtundu wa Twin Otter, tonyamula anthu pafupifupi 15, ndipo kampani yaikulu pa ntchitoyi ndi Trans Maldivian Airways. Oyendetsa ake ambiri amakhala osavala nsapato, katundu amamuunjika kumbuyo kwa mipando, mkati mumatentha ndipo phokoso lake limagonthetsa m'khutu. Koma mukasuzumira pawindo n'kuona mphete zobiriwira zija zitandandalika panyanja, mumaiwala thukuta. Vuto lake ndi limodzi lalikulu: ndegezi zimauluka masana okhaokha, chifukwa woyendetsa amafunika kuona madzi amene akuterapo. Ndege yanu yaikulu ikatera madzulo cha m'ma 4 koloko, mwina tsiku limenelo simupitanso kuchilumba.

Yachitatu ndi ndege wamba ya m'dziko momwemo, kukatera pabwalo laling'ono monga la Dharavandhoo, kenako boti. Imeneyi imayenda ngakhale kutada, koma kudikira kumakhala kwambiri.

Ulendo wanga woyamba ndinachita zimene anthu ambiri amachita. Ndinapeza tikiti yotsika mtengo, n'kugula, kenako n'kusankha hotelo. Ndege inatera itangokwana 3:30 masana, mzere wa pasipoti unali wautali, ndipo pomwe ndinkafika pakauntala ya hoteloyo, mnyamata wonyamula chikwangwani anandiuza mwaulemu kuti ndege yomaliza yanyamuka. Ndinagona ku Hulhumalé, tawuni yoyandikana ndi bwaloli, m'kachipinda koyang'ana pamsewu, kwinaku chipinda cha pachilumba chimene ndinali nditalipira kale chili chokhomakhoma. Usiku umenewo ndinalipira malo awiri, ndipo palibe amene anandibwezera kanthu, chifukwa zinali zolembedwa m'kalata yotsimikizira malo imene sindinaiwerenge mpaka pansi.

Ndiye chitani motere. Mukapeza mahotelo awiri kapena atatu amene akukusangalatsani, lemberani iliyonse imelo, musanalipire kalikonse, ndipo funsani mafunso awa: kodi pachilumbapo amafika ndi chiyani, mtengo wake ndi wotani pa munthu mmodzi kupita ndi kubwera, misonkho yonse itaphatikizidwa, ndege yanga itere isanakwane nthawi yanji kuti ndifike tsiku lomwelo, ndipo pobwerera, ndege yanga inyamuke itapitirira nthawi yanji. Funso lomalizali anthu amaliiwala. Ngati tikiti yanu yobwerera ndi ya 7 koloko m'mawa, ndege yotera pamadzi singakufikitseni pa nthawi yake, ndiye mudzachoka pachilumba dzulo lake n'kutaya usiku winanso. Ngati ndi ya pakati pa usiku, mudzachotsedwa pachilumba masana n'kukhala pabwalo maola ambiri ndi zikwama. Mahotelo ambiri amafuna kuti mufike isanakwane 3 koloko kapena 3:30 masana ndipo munyamuke itapitirira 9 koloko m'mawa, koma mverani zimene hotelo yanu yalemba, ndipo siyani mpata wa maola awiri poti ndege zimachedwa.

Mukalandira mayankho amenewa ndi pamene mungagule tikiti. Mukagula, tumizani nambala ya ndege ndi nthawi yake kuhoteloko masiku angapo musananyamuke, chifukwa ndandanda ya ndege zotera pamadzi amaipanga potengera mayina amene alandira. Nthawi yeniyeni yonyamukira amakuuzani mochedwa, pobwerera kawirikawiri madzulo a dzulo lake, ndipo ndegeyo ikhoza kuima pa zilumba zina kutsitsa anzanu. Musakonze chinthu china chofunika pa tsiku lofika.

Zinthu zina ziwiri pa nkhani yomweyi. Pa ndege yotera pamadzi katundu wololedwa nthawi zambiri ndi makilogalamu 20 a chikwama chachikulu ndi 5 a cha m'manja, ngakhale tikiti yanu yaikulu italola 30, ndipo kilogalamu iliyonse yopitirira imalipiridwa. Komanso ngati mukuganiza zogona m'mahotelo awiri pa zilumba zosiyana, dziwani kuti kawirikawiri muyenera kubwerera kaye ku Malé n'kuyambiranso, kutanthauza kulipira kawiri ndi kutaya theka la tsiku. Kwa amene akupita koyamba ndipo masiku ake ndi osapitirira asanu, ine ndimalangiza chilumba chofikako pa boti. Madzi ake ndi omwewo, mchenga ndi womwewo, ndipo mutu suwawa.

4. Werengerani mtengo weniweni

Mahotelo amalemba mitengo m'madola a ku America, ngakhale ndalama ya dzikolo ndi rufiyaa. Mukaona mtengo uli ndi zizindikiro ziwiri zophatikizira kumapeto, mwachitsanzo 600++, dziwani kuti pali zinthu ziwiri zimene sanaikemo. Choyamba ndi 10 peresenti ya ogwira ntchito. Chachiwiri ndi msonkho wa pa malonda a zokopa alendo, umene kuyambira pa 1 Julayi 2025 uli pa 17 peresenti, ndipo amauwerengera pamwamba pa 10 peresenti ija. Mwachidule, chinthu cholembedwa madola 100 mumalipira 128.70. Zimenezi zimakhudza chipinda, chakudya, chakumwa, boti lokaona ma dolphin, ngakhale kutikita thupi.

Pamwamba pa izi pali msonkho wa zachilengedwe, umene kuyambira mu Januwale 2025 ndi madola 12 pa munthu aliyense usiku uliwonse m'mahotelo a pazilumbazi.

Tiyerekeze anthu awiri, masiku asanu, chipinda cha 600++. Madola 3,000 amene munawerengera m'mutu akhala 3,861. Onjezerani 120 ya zachilengedwe, yakwana 3,981. Simunakwerebe ndege yotera pamadzi, imene pa munthu mmodzi imadya madola mazana angapo, ndipo simunadye nkhomaliro. N'chifukwa chake chipinda "chotsika mtengo" chakutali chimatha kudula kuposa chipinda chodula chapafupi. Pemphani hotelo ikulembereni chiwerengero chimodzi chomaliza, chokhala ndi zonse, ndipo muyerekezere ziwerengero zomalizazo.

5. Sankhani dongosolo la chakudya

Mudzaona mawu anayi. Bed and breakfast ndi chipinda ndi chakudya cha m'mawa basi. Half board amawonjezera chamadzulo. Full board ndi katatu patsiku, koma zakumwa mumagula padera. All inclusive amaphatikiza chakudya ndi zakumwa, ngakhale kuti mawuwa hotelo iliyonse imawamasulira mwa njira yake: ena amangolola lesitilanti imodzi, ena amachotsamo khofi wa pamakina, zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda, kapena nsomba zodula. Pemphani mndandanda wolembedwa wa zimene zilimo ndi zimene mulibe.

Bed and breakfast imaoneka yopulumutsa ndalama mukadali kunyumba, koma pachilumba chopanda kothawira imakhala msampha. Ndinaonapo banja lina likuwerenga mndandanda wa zakudya ngati kalata ya kukhoti, madzulo aliwonse, nkhope zili gwa, pamalo pamene anabwera kudzapuma. Kwa anthu osamwa mowa, half board imakwanira, chifukwa chakudya cha m'mawa chimakhala chochuluka moti njala ya masana siivuta. Amene ali ndi ana kapena amakonda zakumwa, all inclusive imawapatsa mtendere. Funsaninso za madzi akumwa: mahotelo ambiri amachotsa mchere m'madzi a m'nyanja n'kuika mabotolo aulere m'chipinda, koma ena amagulitsa madzi patebulo.

6. Sankhani chipinda ndi chilumba mwanzeru

Aliyense amafuna kanyumba ka pamwamba pa madzi chifukwa ndi kamene amakaona pazithunzi. N'kokongoladi, ndipo kutsika masitepe m'mawa n'kulowa m'madzi oyera mbee ndi chinthu chosaiwalika. Koma dziwaninso kuti tinyumbati timakhala pamlatho wamatabwa wautali, kopanda mthunzi wa mtengo, ndipo kupita kokadya kungakhale kuyenda mphindi 15 matabwa akuwotcha mapazi, kapena kudikira kangolo kamagetsi. Mphepo ikaomba usiku mafunde amamenya mizati pansi panu. Mahotelo ena salola ana aang'ono m'tinyumbati. Chipinda cha pagombe chimakhala ndi mthunzi, mchenga pakhomo, ndipo n'chotsikirako mtengo. Njira yabwino ndi kugawa: masiku ambiri pagombe, awiri omaliza pamadzi, pachilumba chomwecho.

Funso limene odziwa amafunsa ndi la house reef, kutanthauza matanthwe a makorali (tizamoyo ta m'nyanja timene timapanga miyala) ozungulira chilumbacho amene mungafikeko posambira kuchokera pagombe. Pamatanthwe amenewa ndi pamene pamakhala nsomba, akamba a m'nyanja ndi tishaki tating'ono. Zilumba zina zili ndi thamanda lalikulu la mchenga wokhawokha, lokongola pachithunzi koma lopanda nsomba, ndipo kuti muone zamoyo muyenera kulipira boti nthawi iliyonse. Funsaninso mmene makoraliwo alili panopa, chifukwa kutentha kwa nyanja kwa mu 1998 ndi 2016 kunapha ambiri ndipo si malo onse amene anachira mofanana. Zithunzi za alendo a miyezi yapitayi zimanena zoona kuposa za hotelo.

7. Konzani mapepala ndi chikwama

Alendo ochokera pafupifupi m'mayiko onse amapatsidwa viza ya masiku 30 pofika, yaulere. Mufunika pasipoti, tikiti yobwerera ndi umboni wa malo ogona. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, kuti musavutike ndi makampani a ndege ndi mayiko odutsamo. Pakatsala maola 96 kapena ocheperapo kuti mufike, lembani fomu ya pa intaneti yotchedwa IMUGA, patsamba la boma loona zolowa ndi kutuluka. Ndi yaulere, choncho aliyense wofuna ndalama kuti akulembereni akukuberani. Ngati mukuchokera kapena mwadutsa m'dziko limene kuli matenda a yellow fever, tengani khadi la katemera.

Maldives ndi dziko lachisilamu. Mowa ndi nyama ya nkhumba n'zoletsedwa kulowa nazo, ngakhale botolo logula pabwalo la ndege la ku Dubai kapena Doha, ndipo zikwama zimadutsa pamakina. Kuyambira kumapeto kwa 2024 ndudu zamagetsi nazonso n'zoletsedwa. Mankhwala anu akhale m'mapaketi ake, ndi kalata ya dokotala.

Tengani inshuwalansi yolipira kukunyamulani mwadzidzidzi. Pachilumba pamakhala kachipatala kakang'ono, koma zikavuta ndi ulendo wa ku Malé pa boti kapena ndege, ndipo bilu yake si yamasewera. Malungo kulibe, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza zimenezi mu 2015, koma udzudzu wofalitsa matenda a dengue ulipo, ndiye mankhwala othamangitsa udzudzu asatsale. Uzani banki yanu kuti mukuyenda, chifukwa hotelo imagwira ndalama zina pakhadi ngati chikole tsiku lofika. Madola ang'onoang'ono, atsopano ndi osang'ambika, amathandiza pothokoza wonyamula zikwama ndi wokonza chipinda. Zovala tengani zochepa. Nsapato zambiri zidzangogona m'chikwama.

8. Mukafika

Funsani nthawi. Mahotelo ena amatsogoza wotchi yawo ndi ola limodzi kuposa ya ku Malé kuti dzuwa lizilowa mochedwerako, ndipo foni yanu ikhoza kumaonetsa nthawi ina pamene boti likunyamuka pa nthawi ina. Pa chilichonse chokhudza ulendo wobwerera, funsani kuti ndi nthawi ya pachilumba kapena ya ku Malé.

Dzuwa la kumeneko lili pamutu penipeni, poti dzikoli lili pamzere wa pakati pa dziko lapansi, ndipo limawotcha khungu la mtundu uliwonse, makamaka msana ndi kuseri kwa miyendo pamene mukusambira chafufumimba kuyang'ana nsomba. Valani malaya osambirira a manja aatali.

Musanalowe m'madzi koyamba, pitani kwa anthu oyang'anira zosambira akuonetseni polowera ndi potulukira. Pakati pa zilumba pali mipata yakuya imene eni ake amaitcha kandu, ndipo madzi akamadzaza kapena kuphwa amathamanga m'mipatayi ngati mtsinje, pamwamba pakuoneka phee. Alendo amamira ku Maldives, ena pamalo ooneka osaopsa. Musasambire nokha, valani jekete loyandamitsa ngati simuli katswiri, ndipo madzi akayamba kukukokani musalimbane nawo: yandamani, kwezani dzanja. Musaponde kapena kugwira makorali, ndi amoyo ndipo amakula pang'onopang'ono kwambiri, komanso amacheka. Amene akufuna kumira pansi ndi mabotolo a mpweya asiye tsiku lathunthu pakati pa kumira komaliza ndi kukwera ndege.

9. Ngati mukacheze pachilumba chokhala anthu

Ndikulimbikitsani kutero, ngakhale kwa theka la tsiku, chifukwa pachilumba cha hotelo simuona Maldives wa eni ake. Mudzaona ma dhoni, maboti awo amatabwa a mphuno yopindikira m'mwamba, akubwera ndi nsomba za tuna zogwidwa ndi mbedza imodziimodzi, ndi makoma akale omangidwa ndi miyala ya makorali. Kumeneko malamulo ndi ena. Phimbani mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe. Zovala zosambirira n'zololedwa pagombe lopatulidwira alendo lokha, limene limakhala ndi chikwangwani ndipo nthawi zina mpanda. Mowa kulibe. Lachisanu ndi tsiku la mapemphero: masitolo amatseka masana ndipo maboti a boma onyamula anthu nthawi zambiri sayenda. M'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa poyera masana. Pemphani kaye musanajambule munthu.

10. Usiku womaliza

Pemphani bilu yanu madzulo, musadikire m'mawa boti litaima kale injini ikulira. Khalani pansi ndi kuiwerenga mzere ndi mzere, mukuyerekezera ndi timalisiti timene munasainira masiku onsewa komanso kalata ya chiwerengero chomaliza ija. Onani ngati kaulendo kobwerera sikanalembedwe kawiri, ndiponso ngati zakumwa za mu all inclusive sizinalowe m'gulu la zolipira. Funsani ngati nkhomaliro ya tsiku lochoka ili m'dongosolo lanu, poti chipinda mumatuluka 12 koloko ndipo ndege yotera pamadzi ikhoza kubwera 3 koloko. Zovala zonyowa zipachikeni usiku womwewo kuti zisalemeretse chikwama pasikelo, ndipo pasipoti, mankhwala ndi chaja zikhale m'kachikwama ka m'manja, chifukwa ndege ikalemedwa zikwama zikuluzikulu nthawi zina zimabwera pa ndege yotsatira.